Don Williams: mafunso ndi mayankho pa zimbale ndi nyimbo zake

Mawu a Don Williams akangomveka pa wailesi, mu minibasi kapena pa ukwati, sipalephera wina wofunsa kuti nyimboyo inatuluka liti, ili m'chimbale chiti, kapena ngati mwini wakeyo akadali moyo. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amabwerezedwabwerezedwa. Ambirife timadziwa nyimbo zake zisanu kapena zisanu ndi imodzi, chikhalirecho bamboyu anajambula nyimbo kwa zaka pafupifupi 50.

Kodi Don Williams anali ndani?

Anali woyimba wa chamba cha country wa ku America. Anabadwa pa 27 Meyi 1939 m'tauni yaing'ono ya Floydada ku Texas, ndipo anakulira ku Portland, kufupi ndi mzinda wa Corpus Christi, ku Texas komweko. Gitala anamuphunzitsa ndi mayi ake. Atamaliza sekondale anakhalako msilikali zaka ziwiri, kenako n'kumagwira ntchito zosiyanasiyana uku akuyimba madzulo. Anakwatira Joy Bucher mu 1960 ndipo anakhala naye mpaka imfa. Anabereka ana aamuna awiri.

N'chifukwa chiyani ankamutcha Gentle Giant?

Dzinali tingalimasulire kuti chimphona chofatsa. Anali munthu wamtali, wa thupi ndithu, koma wolankhula pang'ono ndiponso motsitsa. Pa siteji sankadumpha kapena kuthamangathamanga. Ankavala chipewa chake chakale chija ndi jekete la jinzi, ndipo atakula ankangokhala pa kampando, gitala pamwendo, n'kuyamba kuyimba. Za maphwando a anthu otchuka analibe nazo ntchito. Akamaliza ulendo woyimba ankabwerera ku famu yake kufupi ndi Ashland City ku Tennessee.

Kodi pali ubale ndi Hank Williams?

Ayi, angofanana dzina. Hank Williams anali wa ku Alabama ndipo anamwalira mu 1953, Don akadali mnyamata wa zaka 13.

Anayamba bwanji kuyimba?

Sanayambire m'chamba cha country. Mu 1964 iye ndi Lofton Kline komanso Susan Taylor anayambitsa gulu la Pozo-Seco Singers, lomwe linkayimba nyimbo za folk. Kampani ya Columbia inawatenga, ndipo nyimbo yawo yotchedwa Time inamvekako ndithu mu 1966. Gululi litatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Don anasiya zoyimba n'kukagwira ntchito yogulitsa mipando ndi katundu wina wa m'nyumba pa bizinesi ya apongozi ake.

Koma mtima unali ku nyimbo. Anapita ku Nashville, likulu la nyimbo za country, osati ngati woyimba koma ngati wopeka nyimbo zoti ena aziyimba. Anamulemba ntchito ndi Jack Clement, katswiri yemwe anagwirapo ntchito ndi Johnny Cash komanso Charley Pride. Ntchito ya Don inali kupeka nyimbo, kuzijambula mongoyerekeza, n'kumakazionetsa kwa oyimba otchuka kuti mwina azitenge. Zambiri sizinkatengedwa. Pamenepo m'pomwe Clement ndi mnzake Allen Reynolds anaona kuti munthu woyenera kuziyimba anali yemwe ankazinyamula uja. Mu 1972 anayamba kutulutsa nyimbo zakezake pansi pa kampani yaing'ono ya Clement ya JMI, ali ndi zaka 33. Anayamba mochedwa, ndipo n'kutheka kuti n'chifukwa chake mawu ake sanamvekepo achibwana ngakhale m'chimbale choyamba.

Chimbale chake choyamba ndi chiti?

Ndi Don Williams Volume One, cha 1973. Dzina lake n'losavuta, ngati kuti mwini wake ankadziwiratu kuti kukubwera zina. Ndipo zinabweradi: Volume Two ndi Volume III zonse zinatuluka mu 1974.

Chimbale choyambachi musachiderere. Muli The Shelter of Your Eyes, yomwe anapeka yekha, muli Come Early Morning, muli Amanda, mulinso I Recall a Gypsy Woman. Palibe ngakhale imodzi mwa izi yomwe inafika pa nambala wani ku America, koma kayimbidwe konse komwe timamudziwira Don Williams kanali katakhwima kale m'menemu. I Recall a Gypsy Woman inadzaphulika ku Britain mu 1976, pomwe inafika pa nambala 13 pa ndandanda wa nyimbo za mitundu yonse, ndipo kuyambira pamenepo anthu a ku Britain ndi ku Ireland anamukonda mpaka kumapeto.

Ndi nyimbo zingati zomwe zinafika pa nambala wani?

Zilipo 17, powerengera ndandanda wa nyimbo za country womwe magazini ya Billboard imatulutsa mlungu uliwonse ku America.

Yoyamba inali I Wouldn't Want to Live If You Didn't Love Me, ya 1974, atangosamukira ku kampani ya ABC/Dot. Mu 1975 panabwera You're My Best Friend ndi (Turn Out the Light and) Love Me Tonight. Chimbale cha Harmony cha 1976 chinapereka ziwiri, Till the Rivers All Run Dry ndi Say It Again. Mu 1977 panali Some Broken Hearts Never Mend ya m'chimbale cha Visions, ndi I'm Just a Country Boy ya m'chimbale cha Country Boy. Expressions cha 1978 chinatulutsa Tulsa Time ndi It Must Be Love, ndipo Portrait cha 1979 chinabwera ndi Love Me Over Again.

Zaka za m'ma 1980 anazilowa ali pansi pa MCA, kampani yomwe inagula ABC. Apa tili ndi I Believe in You, kenako Lord, I Hope This Day Is Good, kenako If Hollywood Don't Need You ya m'chimbale cha Listen to the Radio. Yellow Moon cha 1983 chili ndi Love Is on a Roll ndi Stay Young, pomwe Cafe Carolina cha 1984 chili ndi That's the Thing About Love. Yomaliza inali Heartbeat in the Darkness mu 1986, ali ku kampani ya Capitol.

Mukaziwerenga mupeza kuti zonse 17 zinatuluka m'zaka 12 zokha. Zitatha apo anapitirizabe kulowa m'gulu la nyimbo 10 zapamwamba mpaka 1991, pomwe Lord Have Mercy on a Country Boy inatseka mndandandawo.

Nanga yaikulu kuposa zonse ndi iti?

Tikatengera manambala, ndi I Believe in You ya 1980. Iyi inadutsa malire a country n'kufika pa nambala 24 pa ndandanda waukulu wa Billboard, womwe umaphatikiza pop, rock ndi zina zonse. Anaipeka ndi Roger Cook wa ku England ndi Sam Hogin. Woyimbayo amatchula zinthu zambirimbiri za m'dziko zomwe sazikhulupirira, kenako n'kunena zochepa zomwe wagwiritsa: chikondi, ana, makolo ndi wokondedwa wake.

Koma mukandifunsa ine, nyimbo yozama kwambiri pa zonse anajambula ndi Good Ole Boys Like Me, ya m'chimbale cha Portrait. Iyi inathera pa nambala 2. Si nyimbo ya chikondi. Ndi bambo wamkulu akukumbukira ubwana wake kummwera kwa America: bambo ake omwe ankawerenga Baibulo komanso kumwa mowa, wailesi yomwe ankamvera usiku, mabuku omwe anamutsegula maso, mnzake wa pamudzi yemwe moyo unamuthera panjira, ndi momwe iye anaphunzirira kulankhula ngati anthu a m'tauni kuti atuluke m'menemo. Aliyense amene anachoka kumudzi chifukwa cha sukulu, n'kumabwerera pa Khirisimasi ali ngati mlendo pakhomo pa makolo ake, aimva nyimboyi mpaka m'mafupa.

Kodi nyimbozi ankapeka yekha?

Zina, koma zambiri ayi. Mwa 17 zija, yomwe anapeka yekhayekha ndi Love Me Over Again, ndipo Till the Rivers All Run Dry anathandizana ndi Wayland Holyfield. Lay Down Beside Me, yomwe siili pa 17 zija, ndi yakenso. Ena akamva izi amagwa mphwayi, koma ku Nashville ndi momwe ntchito imayendera: kuli anthu omwe ntchito yawo ndi kupeka basi, ndipo luso la woyimba limaonekera pa kusankha.

Pa kusankhapo ndi pomwe Don Williams analibe mnzake. Munthu yemwe anamupekera zambiri ndi Bob McDill, wa ku Texas ngati iye yemwe. Amanda, Come Early Morning, Say It Again, It Must Be Love, If Hollywood Don't Need You ndi Good Ole Boys Like Me zonsezi n'zochokera m'manja mwa McDill. Wayland Holyfield anapeka You're My Best Friend ndi Some Broken Hearts Never Mend. Tulsa Time anaipeka ndi Danny Flowers, yemwe ankamuyimbira gitala m'bandi yake. Love Is on a Roll ndi ya Roger Cook ndi John Prine, pomwe Stay Young inachokera kwa Gallagher ndi Lyle a ku Scotland.

Chodabwitsa n'chakuti ngakhale opeka ndi ambiri chonchi, nyimbozo zimamveka ngati zotuluka mumtima umodzi. Simudzamumva akudzitama ndi uchidakwa kapena kuchuluka kwa zibwenzi, zomwe oyimba ena a country a nthawi yake ankazikonda. Munthu wa m'nyimbo zake ndi mwamuna yemwe akuthokoza mkazi wake, kapena wasiyidwa koma sakutukwana, kapena akupempha tsiku labwino kwa Mulungu. Nyimbo yosagwirizana ndi khalidwe lake sankaitenga.

N'chiyani chimachititsa kuti nyimbo zake zizidziwika zikangoyamba, iye asanatsegule pakamwa?

Ndi zomwe anachotsamo. Nthawi yomwe ankayamba, nyimbo zambiri za ku Nashville zinali zodzaza: mavayolini ambiri, makwaya oyankhira kumbuyo, ng'oma zamphamvu. Don ndi Allen Reynolds anapita kwina. Anasiya gitala wamatabwa kutsogolo, besi yoyenda pang'onopang'ono ngati kugunda kwa mtima, ndi ng'oma zosaphokosera. Woyimba ng'oma wawo, Kenny Malone, nthawi zambiri ankagwiritsa ntchito manja pa ng'oma za conga kapena timaburashi m'malo mwa timitengo. Kulira kokoka kuja komwe mumamva pakati pa mavesi ndi gitala wogoneka wa Lloyd Green. Besi ankayimba kawirikawiri ndi Joe Allen.

Zotsatira zake n'zakuti mawu a Don, okhuthala ndi otsika aja, amakhala ndi malo opumira. Liwu lililonse limamveka. Sakuwa, sakoka mawu mpaka kumwamba pofuna kuonetsa mphamvu, amangokhala ngati akukuuzani nkhani muli awiri pakhonde dzuwa litalowa. Kuyimba motsitsa chonchi n'kovuta kuposa kukuwa, chifukwa palibe pobisala. Cholakwika chilichonse chimaonekera poyera.

Reynolds atapita kukagwira ntchito ndi ena, monga Crystal Gayle ndipo pambuyo pake Garth Brooks, Don anajambulitsa zimbale zingapo yekha. Kenako anagwirizana ndi Garth Fundis, yemwe anakhala naye zaka zambiri ndipo anadzabweranso pa zimbale ziwiri zomaliza.

Desperately ndi Senorita sizili pa mndandanda wa 17 uja. Mwaiwala?

Sitinaiwale. Nyimbo ziwirizi zinachita bwino ku America koma sizinafike pamwamba penipeni. Senorita ili m'chimbale cha New Moves cha 1986, momwenso muli Heartbeat in the Darkness ndi We've Got a Good Fire Goin'. Desperately ili mu Traces cha 1987, limodzi ndi Old Coyote Town. Ndandanda wa Billboard umangonena zomwe anthu a ku America ankagula ndi kumvera mlungu umenewo. Zomwe zinakhazikika m'makutu a anthu kuno, kudzera pa wailesi ndi makaseti ojambulirana, zinatsata njira yakeyake.

Kodi Lord, I Hope This Day Is Good ndi nyimbo yauzimu?

Ndi pemphero, inde, koma inatuluka ngati nyimbo wamba ya country m'chimbale cha Especially for You cha 1981, ndipo inafika pa nambala wani kumayambiriro kwa 1982. Anaipeka ndi Dave Hanner. Wopempherayo sakupempha chuma kapena kutchuka. Akungouza Mulungu moona mtima kuti akumva ngati waiwalika, ndipo akupempha kuti tsiku la lero lokha limuyendere. N'chifukwa chake imalowa bwino m'mapologalamu a m'mawa, ndipo anthu opemphera amaitenga ngati yawo. Don Williams sanali woyimba nyimbo za kutchalitchi, koma chikhulupiriro chimamveka m'nyimbo zake zingapo, monga Miracles ya m'chimbale chomwechi.

Sing Me Back Home ndi yake?

Anaiyimba, koma mwini wake ndi Merle Haggard, yemwe anaipeka n'kuitulutsa mu 1967. Ndi nkhani ya mkaidi yemwe akupita kukaphedwa ndipo akupempha kuti amuyimbire nyimbo yomukumbutsa kwawo. Haggard anakhalapo m'ndende ya San Quentin, choncho ankadziwa chomwe akunena. Don anaijambula ali ndi zaka zoposa 70, m'chimbale chake chomaliza cha Reflections cha 2014, ndipo achinyamata ambiri anaidziwira kwa iye pa YouTube.

Pomwepa tichenjezane. Nyimbo zoikitsa mu memory card kapena mu flash pamsika nthawi zambiri zimabwera ndi maina osokonekera, ndipo mwamuna aliyense wa mawu otsika amalembedwa kuti Don Williams. The Gambler ndi Coward of the County ndi za Kenny Rogers. Mukakayikira nyimbo ina, fufuzani ngati ili m'chimbale chake chodziwika.

Anayimbapo ndi anthu ena?

Mwa apo ndi apo. Yodziwika kwambiri ndi If I Needed You, yomwe anayimba ndi Emmylou Harris mu 1981. Anaipeka ndi Townes Van Zandt, ndipo inafika pa nambala 3. Mawu opyapyala a Harris pamwamba pa mawu okhuthala a Don amagwirizana modabwitsa. M'chimbale cha And So It Goes cha 2012 muli I Just Come Here for the Music, yomwe anayimba ndi Alison Krauss, ndipo Keith Urban ndi Vince Gill anathandizanso m'chimbalecho.

Omwe anabwereza nyimbo zake ndiye ndi ambiri. Eric Clapton anajambula Tulsa Time mu 1978, ndipo mu 1977 anali atajambula kale We're All the Way, yopekedwa ndi Don. Pete Townshend wa gulu la The Who pamodzi ndi Ronnie Lane anayimba Till the Rivers All Run Dry. Waylon Jennings anafikitsa Amanda pa nambala wani mu 1979, ndipo Alan Jackson anachita chimodzimodzi ndi It Must Be Love mu 2000. Don anaonekanso m'mafilimu awiri a Burt Reynolds, mu 1975 ndi mu 1980.

Kodi anabwerapo ku Africa?

Anabwera. Mu 1997 anayimba ku Harare m'dziko la Zimbabwe, ndipo zoyimbazo zinajambulidwa n'kutuluka pa vidiyo yotchedwa Into Africa. Anali m'modzi mwa oyimba akuluakulu ochepa a country omwe anafika kuno.

Chikondi chomwe anthu a ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, Kenya, Nigeria ndi Ghana ali nacho pa iye si chinthu chovuta kumvetsa. Chingerezi chake n'chomveka, liwu ndi liwu, moti ngakhale amene analekezera sukulu panjira amatha kutsatira nkhaniyo. Nkhani zakenso n'zathu zomwe: banja, kusiyidwa, umphawi, kusowa kumudzi, Mulungu. Njira inali italambulidwa kale ndi Jim Reeves, yemwe mbale zake zinkalira m'nyumba zambiri kuyambira zaka za m'ma 1960. Ndipo pali china chomwe sitiyenera kuchiiwala: izi ndi nyimbo zomwe mungamvere muli ndi apongozi m'galimoto popanda kuthamangira kukatsitsa voliyumu.

Analandirako mphoto zanji?

Bungwe la Country Music Association linamusankha kukhala woyimba wamwamuna wopambana mu 1978, ndipo mu 1981 linapereka mphoto ya chimbale chopambana kwa I Believe in You. Tulsa Time inapatsidwa mphoto ya nyimbo yopambana ndi Academy of Country Music. Mu 2010 analowetsedwa mu Country Music Hall of Fame, ulemu waukulu kwambiri m'chamba chimenechi.

Anasiya liti kuyimba, nanga anamwalira bwanji?

Anatsanzika kawiri. Mu 2006 anachita ulendo wotsanzikana ndi omutsatira n'kukapuma ku famu, koma mu 2010 anabwereranso pa siteji. M'nyengo yachiwiriyi ndi momwe anatulutsa And So It Goes ndi Reflections pansi pa kampani ya Sugar Hill. Mu Malichi 2016 analengeza kuti wapuma ndithu. Anamwalira pa 8 Sepitembala 2017 ku Mobile m'chigawo cha Alabama, ali ndi zaka 78, atadwala matenda a m'mapapo otchedwa emphysema. Miyezi ingapo izi zisanachitike, oyimba monga Garth Brooks, Chris Stapleton, Alison Krauss ndi Trisha Yearwood anali atatulutsa chimbale chomulemekeza chotchedwa Gentle Giants, momwe anayimba nyimbo zake.

Ndikufuna kumvera chimbale chathunthu. Ndiyambire pati?

Zimbale zosonkhanitsa nyimbo zotchuka zilipo zambiri ndipo si zoipa, koma zimangokupatsani zomwe mukuzidziwa kale. Yambani ndi Volume One, pa zifukwa zomwe tanena pamwambapa, ndipo muchimvere chonse osadumpha. Mukatero pitani ku Harmony ndi Expressions, zomwe zinatuluka iye ali pachimake. Cafe Carolina anthu amachidutsa, koma muli Maggie's Dream, nkhani ya mayi wogwira ntchito mu lesitilanti yemwe zaka zamuthera akudikira chikondi chomwe sichinabwere. Ndi imodzi mwa nyimbo zachisoni kwambiri zomwe anajambula, ndipo amaiyimba mwaulemu, osamuseka mayiyo kapena kumulirira mopitirira.

Ngati mumakonda za kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pali One Good Well cha 1989, momwe muli I've Been Loved by the Best, ndi True Love cha 1990, zonse za ku kampani ya RCA. Reflections muchisunge komaliza. Mawu anali atalemera ndi ukalamba, ndipo chimayamba ndi I'll Be Here in the Morning, nyimbo inanso ya Townes Van Zandt.